Mutu 5: Zenera la Ralitsa

1. Nyumba yotseka

Nyumba ya a Zdravko inakhala yotseka kwa zaka ziwiri. M'mudzi wa Kalenovo nyumba zotseka zinali zambiri kuposa zofuka utsi, kotero palibe amene ankaicheukira. Koma Nevena ankaiyang'ana m'mawa uliwonse, pakuti zenera la chipinda chake linapenyana ndi zenera la chipinda cha Ralitsa, mwana wa a Zdravko. Pakati panali kamsewu ndi mtengo umodzi wa mapulamu.

Atsikana awiriwa anali a ponda apa nane mpondepo. Anabadwa mwezi umodzi, anayamba sukulu tsiku limodzi, katsabola anadwala sabata imodzi. Kale, kukacha, Ralitsa ankakankha tizitseko tobiriwira ta pazenera lake n'kufuula kuti, "Iwe kamba, wadzuka? Basi ikutisiya!"

Kenaka fakitale ya njerwa inatsekedwa. A Zdravko anatenga banja lonse kupita nalo ku Spain kukathyola malalanje. Anati akakhala chaka chimodzi chokha.

Tsopano Nevena anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Adokowe anali atabwerera kawiri ku chisa chawo cha pamwamba pa tchalitchi, koma Ralitsa ayi. Tizitseko tija tinasuluka. Kamodzi kanalendewera cham'mbali, ndipo kukachita mphepo kankagogoda khoma ngati munthu woodira.

Tsiku lina sukulu atangotsekera, Ralitsa anaimba foni.

"Amwali, chaka chinonso sitibwera," anatero. "Wina wawatumizira atate chithunzi cha nyumba. Akuti yasanduka bwinja. Akuti tikagona kuti, ndi akadzidzi?"

"Bwinja lake liti?" anafunsa Nevena. "Denga lili bwinobwino. Mpesa ndimathirira ine. Ndi tizitseko tokha tomwe tikuipitsa nkhope ya nyumba."

"Kawauze ndiwe. Amayi akaona chithunzicho amangolira."

"Nanga nditakonza?"

Ralitsa anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe? Iwe amene unakhoma msomali wa kalendala n'kugwetsa pulasitala wa khoma lonse?"

"Ndinali mwana nthawi imeneyo. Ndikonza. Ndili ndi ndalama zanga za ganyu ya sitiroberi."

Ralitsa anasiya kuseka, mawu ake anatsika.

"Ukakonza undijambulire. Mwina mtima wa atate ungafewe. Nevena, kuno kulibe amene amanditchula dzina bwinobwino."

2. Malangizo a Azakhali Dafinka

Kumapeto kwa kamsewuko kunkakhala Azakhali Dafinka. Sanali mbale wa Nevena, koma mudzi wonse unkawatchula choncho. Anagwira ntchito ya ukalipentala pa fakitale ya mipando m'tauni yapafupi ya Montana kwa zaka makumi atatu. Anali afupi, a mawu amphamvu, ndipo chala chawo cha mkombaphala cha kumanzere chinali chodukira pakati.

Atamva nkhaniyo anatenga ndodo yawo n'kupita kukaona okha. Anabaya thabwa la kachitseko ndi nsonga ya mpeni, apa ndi apo.

"Thabwa ndi lamoyo," anatero. "Chafa ndi pomwe panalowa misomali yamazinga, pafumbwa. Hinjesi imodzinso yadyeka ndi dzimbiri. Ukagula kuti zipangizo?"

"Ku sitolo yotchipa ija ya pafupi ndi depoti ya basi, Azakhali."

Anakhala pansi pa benchi, n'kumukodola kuti akhale pambali pawo.

"Tamvera, mwanawe. Sitolo yotchipa si mdani. Ine ndemwe ndimagulako. Koma uyenera kudziwa chotenga ndi chosiya. Sandipepa gula kumeneko, chifukwa wodula ndi wotchipa yemwe amatha. Magolovesi gula. Magalasi oteteza maso gula, ndipo uziwavala, osati kuwakoleka pamphumi ngati mlendo wodzaona malo. Bulashi ya penti, bulashi yawaya, guluu, tepi yoyezera, zopanira matabwa ziwiri, zonsezi tenga. Ndi zinthu zopanda chinsinsi. Ukaziona ndi maso, waziona zonse.

"Koma pali mitundu itatu ya zinthu imene sindifuna uyandikire. Choyamba, chilichonse chodula kapena choboola. Chitsulo chabwino ndi choipa zimawala chimodzimodzi, umadziwira pa ntchito. Chachiwiri, chilichonse chonyamula katundu, monga mahinjesi ndi misomali yamazinga. Chachitatu, chilichonse chimene thupi lako likwerepo kapena kulowa pansi pake, makwerero kaya jeke yonyamulira galimoto. Ukagwira chinthu m'sitolo muja uzidzifunsa kuti, ichi chikathyoka chithyokera pa ndani? Ngati yankho lili lakuti pa ine, chibwezere pomwe wachitenga."

Anakweza dzanja lawo lamanzere.

"Anthu amaganiza kuti chala ichi ndinachisiya ku fakitale. Ayi. Zaka makumi atatu ndinatulukako ndi zala khumi. Fakitale itatsekedwa ndinayamba kupanga mipando kunyumba. Ndalama zinali zovuta, ndiye ndinagula sowo yozungulira yotchipa pamsika. Inali yokongola bwanji, yonyezimira ngati mbale ya pa ukwati. Tsiku lachitatu dzino lake linathothoka, thabwa linadumpha, chala chinapita. Ndalama zimene ndinapulumutsa sizinakwane ngakhale galimoto yopitira kuchipatala. Chikomekome cha mkuyu, mwanawe."

Nevena anayang'ana chalacho, kenaka anayang'ana pansi.

"Mahinjesi ndi misomali yamazinga ukagule ku kasitolo ka a Parvan, kuseri kwa msika. Ndi odula, ndi amwano, koma chitsulo chawo sichinama. Sikuludalaiva ndikubwereka yanga. Tichotsa tizitseko, tipala, titseka mabowo ndi timitengo ndi guluu, tidikira ziume, tipaka penti kawiri. Masabata awiri."

"Masabata awiri, Azakhali?"

"Nyumba yadikira zaka ziwiri. Siifa ndi masabata awiri."

3. Bokosi lofiira

Basi ya ku Montana inkadutsa m'mudzimo Lachiwiri ndi Lachisanu basi. Lachisanu Nevena anakwera, ndalama zake za ganyu atazimanga m'kampango.

Sitoloyo inali yaikulu ngati bwalo la mpira. Munali mapoto, masokosi, zidole, matayala a njinga ndi zakudya za agalu, zonse m'nyumba imodzi. Nevena anatenga dengu n'kupita ku mbali ya zipangizo. Anasankha sandipepa, magolovesi, magalasi, mabulashi, guluu, zopanira ziwiri ndi chitini cha penti wobiriwira. Zonse anachita monga anauzidwa. M'kampango munatsala za kwa a Parvan.

Ali m'njira yopita kolipira, foni inanjenjemera. Unali uthenga wa Ralitsa.

"Bwana wa atate akufuna mayina a opita ku tchuthi pofika Lolemba. Atate aganiza Lamulungu. Chithunzi chija chifike Lamulungu lisanathe, apo ayi basi."

Nevena anawerenga kawiri. Lamulungu linali mkuja.

Atakweza maso anaona mulu wa mabokosi ofiira pakati pa njira. Pamwamba pake panalendewera chikwangwani cholembedwa kuti mtengo watsika ndi theka, lero ndi mawa lokha. Bokosi limodzi linali lotsegula. Munali makina oboolera a batire, amene amathanso kumanga ndi kumasula misomali yamazinga. Pambali pake panandandalikidwa timano ta makinawo tambirimbiri, tonyezimira, ndi kathumba ka misomali yamazinga kaulere. Pachivundikiro panali chithunzi cha mayi akumwetulira, akupachika chitseko ndi dzanja limodzi.

Bambo wina wamimba yaikulu anali atalongedza kale mabokosi awiri m'kangolo kake kogulira zinthu.

"Tenga, mwana wanga, usaganize," anamuuza. "Mawa upeza fumbi lokha. Ntchito ya sabata, ndi ichi ndi ola limodzi."

"Musamunamize mwana wa eni," anatero mkazi wake kumbuyo. "Aja munagula chaka chatha ali kuti?"

"Aja anali achikasu, mayi. Awa ndi ofiira."

"Ndiye kufiirako n'kumene kudzakonze chitseko cha khola la nkhuku? Chaka chathunthu ndikutsekera ndi mwala."

"Ukuona, mwana wanga? Usadzakwatiwe ndi munthu wokumbukira zonse."

Nevena anaseka nawo, koma dzanja lake linali kale pa bokosi. Anayang'ana mtengo. Unali wofanana ndi zomwe zinatsala m'kampango. Anatulutsa foni, n'kuyang'ananso uthenga uja. Kenaka ananyamula bokosi.

Mayi wolandira ndalama sanakweze n'komwe nkhope. "Musunge lisiti," anatero. "Koma mukagwiritsa ntchito sitilandiranso."

Njira yopita ku depoti inkadutsa kuseri kwa msika. A Parvan anali pakhomo pa kasitolo kawo, akumwa khofi m'kakapu kakang'ono. Nevena anaolokera tsidya lina la msewu, bokosi lofiira atalibisa kumbali inayo ya thupi lake.

4. Ola limodzi

Loweruka m'mawa amayi ake anaona bokosilo patebulo pamene ankamanga mpango kuti azipita ku ntchito yawo yophika buledi.

"Dafinka waziona zimenezi?" anafunsa.

"Aziona, Amayi."

"Waziona kapena aziona?"

"Ndiwaonetsa ndikamaliza."

Amayi ake anamaliza kumanga mpango. "Safunsa anadya phula. Chitumbuwa cha tchizi chija, banitsa, chili mu uvuni, udye usanayambe."

Nevena sanadye. Anavala magolovesi ndi magalasi, n'kuolokera ku nyumba ya a Zdravko. Anakokera benchi pansi pa zenera n'kukwerapo.

Poyamba zinayenda ngati m'maloto. Makinawo analira, msomali woyamba unatuluka, wachiwiri unatuluka. Nevena anaseka yekha. Wachitatu unali wogwidwa ndi dzimbiri. Anakanikiza mwamphamvu. Kadzino ka makina kanaterereka, kanadya mutu wa msomali, kenaka kanapindika ngati kawaya. Anaikapo kena. Kameneko kanathyoka, kachidutswa n'kuthethekera pa magalasi ake, kuti thee! Anawavula n'kuona kamzere pamalo pomwe panali diso lake lamanja. Anawavalanso msangamsanga.

Dzuwa litafika pamutu, kachitseko kolendewera kaja kanali pansi. Anakapala pamwamba pokha, n'kukapaka penti kamodzi. Sanatseke mabowo ofumbwa, pakuti guluu akanafuna tsiku lonse kuti aume. Hinjesi yodyeka ija anangoipaka penti kuti dzimbiri lisaoneke.

Penti asanaumitse, ananyamula kachitsekoko n'kukwera nako pa benchi. Kanali kolemera kuposa momwe ankaganizira. Anakagwiriza ndi phewa, n'kuyamba kumanga ndi misomali ya m'kathumba kaulere. Woyamba unalowa mosavuta, mwina mosavuta kwambiri. Wachiwiri unaduka mutu. Pa wachinayi makina anayamba kulira ngati mwana wa tulo, kenaka anangoti zii. Batire linali litatha.

Nevena anachotsa phewa pang'onopang'ono. Kachitseko kanaima.

Anatsika, n'kubwerera m'mbuyo mpaka pa mtengo wa mapulamu. Theka la zenera linali lobiriwira ngati kale. Anaona ngati nthawi ina iliyonse kachitsekoko kakankhidwa kuchokera m'kati.

Anaganiza zojambula kali kotsegula, kuti a Zdravko aone kuti kakugwira ntchito. Anakweranso pa benchi n'kukakoka.

Panamveka kulira kwa thabwa. Misomali ya pamwamba inazuka yonse pamodzi ndi fumbi la thabwa lofumbwa. Hinjesi ya pansi inathyoka. Kachitseko kanazungulira, ngodya yake n'kumenya galasi la zenera, kuti phwaa! Nevena anatchinga ndi dzanja, n'kugwa chagada pa udzu.

Atadzuka anapeza golovesi yamanja itang'ambika kuyambira pa chala chachikulu mpaka pachikhatho. M'kati munali bala laling'ono, lotuluka magazi pang'ono. Koma zenera linali pululu. Kudzera pa bowolo ankaona bedi la Ralitsa lofunditsidwa nsalu yoyera, ndi magalasi osweka ali mbwee pamwamba pake. Pakhoma panali pakadali chithunzi cha awiriwo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, onse opanda mano akutsogolo.

Nevena anakhala pa benchi n'kulira.

5. Patebulo la Azakhali

Sanachite kupita kukawaitana. Azakhali Dafinka anali atamva phokosolo ali m'dimba lawo la tomato. Anafika ndi ndodo yawo, n'kuyang'ana zenera, kachitseko, bokosi lofiira. Anagwira dzanja la Nevena, n'kulitembenuza uku ndi uku.

"Pinda zala. Zonse. Chabwino. Nyamula katundu wako unditsate."

Kunyumba kwawo anatsuka balalo n'kulimanga. Anamupatsa mkate wopaka tsabola wophika ndi kapu ya chambiko. Nevena atatha kudya, Azakhali anakhuthulira patebulo zonse zimene mtsikanayo anagula.

"Pepani, Azakhali," anatero Nevena. "Ralitsa anati pofika Lamulungu."

"Ndikudziwa kuti sunagule chifukwa cha umbombo. Unagula chifukwa chomusowa mnzako. Koma tamvera. Eni masitolo aja si opusa. Amadziwa kuti munthu wolowa muja ali ndi china chomuwawa. Wina wasowa ndalama, wina wasowa nthawi, wina wasowa munthu. Ndiye amaika bokosi lofiira pakati pa njira, n'kulemba kuti lero ndi mawa lokha. Sakugulitsa makina, akugulitsa changu. Ndipo munthu wolakalaka chinthu ndi mtima wonse ndiye wosavuta kumugulitsa. Tsiku lina udzakhala ndi chilakolako choposa ichi, cha ntchito, cha ulendo wakunja, cha mwamuna. Adzabwera anthu ndi mabokosi awo, n'kukuuza kuti usaganize, mawa zatha. Ukadzamva mawu amenewo, udzaike manja m'thumba, udzapite kunyumba ukagone kaye."

Anatola golovesi yong'ambika ija.

"Iyi yagwira ntchito yake. Ikanapanda iyi bwenzi tikuthamangira kuchipatala. Magalasiwa nawonso, taona pamene chitsulo chinamenya. Zotchipa ziwirizi zakupulumutsa lero. Usadzanene kuti chotchipa chilichonse n'choipa."

Anakankhira zinthuzo kudzanja lamanja, pamodzi ndi sandipepa, zopanira ndi mabulashi. Kenaka anatola kadzino kamodzi ka m'bokosi, n'kukakanda ndi mpeni. Kanakandika ngati sopo.

"Iti ndi tonyenga. Misomali iyinso ndi phala." Anazikankhira kumanzere.

Pomaliza ananyamula makina aja, n'kuwayeza kulemera m'dzanja.

"Awa sindiwataya. Ndi bulu wamng'ono. Ukamusenzetsa katundu wa msinkhu wake, ayenda. Tikawagulira timano tiwiri tabwino, aziboola timabowo m'thabwa lofewa. Koma si oti n'kulimbana ndi dzimbiri la zaka makumi anayi. Cholakwa chachikulu si makinawa. Unadya ndalama za mahinjesi, ndipo unapaka penti pa dzimbiri. Ntchito yobisa imabisika kwa anthu, koma osati kwa mphepo."

"Ndiye nditani, Azakhali? Chithunzi chikufunika mawa."

"Uli ndi chithunzi chimodzi chokha choona. Zenera ndi la eni. Waswa, uwauze."

"A Zdravko akachiona ndiye sabweranso!"

"Mwina. Koma ukawanamiza, ngakhale atabwera, udzawayang'ana ndi nkhope iti?"

Nevena anabwerera ku nyumba ija. Anajambula zenera loswekalo. Analemba kuti, "Ndaswa ndi ine. Ndinapupuluma. Ndikonza bwinobwino, koma zitenga masabata awiri. Uwauze atate kuti ndapepesa." Kenaka anatumiza.

Yankho linabwera nthawi yomweyo. "Wavulala?"

"Pang'ono."

"Kamba iwe, unayamba liti kuthamanga? Ndikuimbira mawa."

Azakhali anatseka bowolo ndi katoni ndi pepala la pulasitiki kuti mvula isalowe.

6. Masabata awiri

Lamulungu Ralitsa sanaimbe. Lolemba anangolemba kuti, "Atate sanalembetse dzina." Nevena anawerenga uthengawo ali m'munda wa sitiroberi, kumene anabwerera kukagwira ganyu kuti apeze za mahinjesi. Anapukuta maso ndi mkono n'kupitiriza kuthyola.

"Nanga tikonzerenji tsopano?" Nevena anafunsa Azakhali madzulo ake.

"Chifukwa waswa. Komanso nyumba yosamalidwa imaitana eni ake. Mwina si chaka chino."

Lachisanu lotsatira Nevena anapita kwa a Parvan, n'kuwauza kuti wamutuma ndi Azakhali Dafinka. Mkuluyo anamuyang'ana pamwamba pa mandala ake.

"Ndiwe uja unandizemba sabata yatha, utakumbatira bokosi lofiira ngati wakuba nkhuku? Onse amadutsa tsidya lija popita. Pobwera amadutsa tsidya lino." Anaseka yekha, n'kumuikira mahinjesi anayi olemera, misomali yamazinga ndi timano tiwiri takuda tosawala n'komwe. "Umuuze Dafinka kuti akadali ndi mwano."

"Iwonso anati inu ndinu amwano."

"Ndiye ali moyo. Pita bwino."

Ntchito inayenda pang'onopang'ono. Misomali yadzimbiri anaithira mafuta n'kuisiya tsiku lathunthu, kenaka inamasuka ndi sikuludalaiva ya Azakhali popanda kulimbana. Nevena anapala matabwa mpaka mapewa kuwawa. Anasema timitengo, n'kutikhomera m'mabowo ndi guluu, n'kupana ndi zopanira zotchipa zija, zomwe zinagwira ngati ng'ona. Galasi linachokera m'shedi ya Azakhali, pa zenera lakale. Anamuphunzitsa kulidula ndi kulimata ndi pate, phala lomatira magalasi.

Tsiku lililonse Nevena ankatumiza chithunzi cha pomwe afika. Ralitsa ankayankha mawu amodzi kapena awiri. Kenaka, masiku awiri omaliza, sanayankhenso.

Lachinayi m'mawa anapachika tizitseko tonse tiwiri. Makina ofiira aja anaboola timabowo bwinobwino. Azakhali anakoka kachitseko kamodzi, n'kukakankha, n'kukalendewerera ndi mkono wawo wonse. Sikanalire n'komwe.

"Iyi ndiye ntchito," anatero. Aka kanali koyamba Nevena kuwamva akuyamikira munthu.

Akusonkhanitsa zipangizo, galimoto yoyera inaima pa mtengo wa mapulamu. Munatuluka mayi wovala nsapato zazitali, atanyamula chikwatu cha mapepala. Pambuyo pake panatuluka bambo ndi mayi achikulire, ofiira ndi dzuwa, akuyankhula chinenero chachilendo.

"Pano ndi kwa a Zdravko Iliev?" anafunsa mayi wa mapepalayo.

"Ndi pompano," anayankha Azakhali. "Koma eni ake kulibe."

"Ndikudziwa, mayi." Anatulutsa kiyi m'chikwama, n'kulunjika kukhomo. Loko anavuta pang'ono, kenaka chitseko chinatseguka. Onse atatu analowa.

Nevena anatsala panja, bulashi ili m'manja. Anamva mapazi akuyenda m'chipinda ndi chipinda. Posakhalitsa zenera la Ralitsa linatseguka kuchokera m'kati. Panasuzumira mayi wachilendo uja. Anasisita penti watsopanoyo, n'kunena china chake mokondwa.

"Akuti chipinda ichi achikonda kwambiri," anamasulira mayi wa mapepala. "Pa zithunzi zimene ndinawaonetsa nyumbayi inkaoneka yotheratu, moti ankafuna kubwerera panjira. Wakonza ndi ndani? Iwe, mtsikana? Wawathandiza kwambiri a Zdravko. Ikhoza kugulidwa sabata ino."

"Kugulidwa?" anatero Nevena.

Anayang'ana Azakhali. Nkhalambayo inali itagwira ndodo ndi manja awiri, pakamwa pali yasa.

Nevena anaika bulashi pansi. Anathamangira kuseri kwa nyumba, pansi pa mpesa, n'kuimba foni ya Ralitsa. Inaitana kamodzi, kawiri, kasanu. Kenaka wina anayankha, koma sanali Ralitsa.

"Nevena? Ndi iwe, mwana wanga?" Anali a Zdravko. Mawu awo anali osasa. Chapatali kunkamveka mayi akulira.

"Bambo, pano pabwera anthu. Akuti mukugulitsa nyumba. N'zoona?"

"Zimenezo tikamba bwino. Tamvera kaye. Tinamuuza Ralitsa za nyumbayo dzana. Dzulo tapita kumunda, pobwera tapeza foni yake ili pabedi. Chikwama chake palibe, chiphaso chake palibenso." Anapuma movutikira. "Iwe ndiye amakuuza zonse. Usandibisire, ndagwira mwendo wako. Mwana wanga walowera kuti?"